Filimu ya Wachipewa ndi Munthu Woyankha Dzina Langa

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa kwathu kuno munthu wochokera ku Joni amamuyesa wabodza asanatsegule n'komwe pakamwa. Mboni yoyamba ndi a Gondwe, mkulu wa kumpoto kwa Kasungu kumene amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka, amene ndinagona nawo chipinda chimodzi zaka zitatu. Iwowa anamwalira, koma ali moyo sankanama. Yachiwiri ndi Lufeyo, mnzanga wa kwathu ku Santhe. Akadali ku Joni, ndipo foni yake imangolira osayankhidwa. Yachitatu ndi mkazi wanga Nabanda, amene wanena kale kuti aliyense akadzamufunsa adzakana zonse. Ndiye mwaona nokha kuti nkhaniyi ili ndi umboni wokwanira.

Dzina langa sindilemba pano. Si manyazi ayi. Kungoti dzinalo pali wina amene amaligwiritsa ntchito, ndipo sindinamupemphe.

Ndinachoka chaka chimene fodya wathu wa bale anagulidwa pa mtengo woti nditaona pepala la ku okushoni ndinayesa andilembera saizi ya nsapato. Ine ndine mkamwini. Munda ndi wa kuchikazi, nyumba ili pa malo a apongozi, ngakhale mthunzi wa mango amene ndinabzala ndi manja angawa ndimaukhala mobwereka. Changachanga pamudzipo chinali dzina basi, ndipo dzinalo ndi limene linalembedwa m'buku la makuponi a feteleza. Tsiku logawa makuponi alangizi amaitana dzina, mwini wake amaimirira, kuonetsa chitupa chovotera, n'kudinda chala. Wosapezeka amamufufuta. Zimenezi ndinkazidziwa, koma munthu ukamaganiza za Joni mutu sugwira zina. Chitupacho ndinachisiya m'nyumba, pamodzi ndi jekete yanga ya bulauni ya paukwati, poti a transipota anati tisanyamule katundu wambiri.

Za ulendo sindinena zambiri. Ndingoti Nabanda anandipatsa mazira atatu aawisi kuti ndikaphike m'njira, ndipo pofika pa Tete ndinawapeza atapsa okha m'thumba. Ndinangothira mchere. Wokayika akafunse aliyense amene anadutsapo mwezi wa Okutobala.

Ntchito ndinaipeza pa famu ya malalanje, kungodutsa malire pang'ono. Tinkathyola ndi thumba lolendewera paphewa, kukwera makwerero, kutsika, kukhuthula, kukweranso, minga ikukulemba m'manja ngati mwana wophunzira kulemba. Phewa langa lamanzere linatsika nthawi imeneyo, mpaka lero telala amandiyeza kawiri n'kumaganiza kuti tepi yake yawonongeka. Pakutha pa mwezi ndinkatumiza kangachepe kumudzi kudzera mwa madalaivala, n'kusunga kena m'sokisi.

Pa khompaundi tinalipo Amalawi, Azimbabwe ndi a ku Mozambiki, ambiri opanda mapepala. Malo otero munthu sukhulupirira mnzako. Galimoto yachilendo ikalowa pageti, aliyense ankayang'ana mnzake kuti aone amene sakudabwa. Wina akagula nsapato zatsopano, tinkafunsana kuti wagulitsa ndani kwa apolisi. A Gondwe ankatsekera ntchentche yamoyo m'chitini chawo cha shuga popita kuntchito. Akabwera n'kupeza ntchentche palibe, chipinda chonse chinali pamlandu. Tsiku lina ntchentcheyo inafera momwemo, ndipo anatifunsabe kuti waipha ndani.

Koma mkulu yemweyo ndi amene anandinyamulira thumba langa sabata yathunthu nditadwala malungo, kuti kapitawo asandichotse. Sindinawathokoze mokwanira.

Chimene chinkatiika pamodzi chinali filimu. Dalaivala wa thalakitala anali ndi kanema ndi chimbale chimodzi chokha, chopanda chikuto, chokandika koyambirira moti dzina la filimuyo palibe analidziwa. Lamlungu lililonse masana tikachapa, tinkatseka zenera ndi bulangeti n'kukhala pa makireti. Inali ya makauboyi. Mwamuna wina anamulanda munda ndi nyumba, kumumenya, n'kumutaya m'chigwa poganiza kuti wafa. Patapita zaka wolandidwayo anabwerera atakwera hatchi, chipewa chachikulu chitaphimba maso. Ife tinkangomutcha Wachipewa. Wolanda uja, wa suti yoyera ndi dzino lagolide, anali atakhazikika m'nyumbamo, mkazi wa mnzake akumuthirira tiyi. Wachipewa anayamba kupha anyamata a wolandayo mmodzimmodzi, mpaka pomaliza awiriwo anaima pamsewu dzuwa lili paliwombo, manja ali pafupi ndi mfuti.

Ubwino wake ndiunena, chifukwa ndine munthu wachilungamo. Filimu imeneyo inkadziwa kudikira. Wachipewa akalowa m'tauni sankathamanga. Unkamva nsapato zokha, gu, gu, mawindo akutsekedwa, galu akulowa pansi pa ngolo. Kenako likhweru la nyimbo ya filimuyo, lalitali, lachisoni, moti ngakhale wokazinga mazira ankazimitsa sitovu. Wojambula ankayandikira diso la munthu mpaka lidzaze kanema yense, ndipo diso limenelo linkakuuza zonse: uyu ndi wamantha, uyu ndi wakuba, uyu afa posachedwa. Sunkasowa Chingerezi. Dziko lakenso linali Kasungu weniweni wa m'chilimwe, lathyathyathya, fumbi, kavuluvulu akudutsa pakati pa msewu. Ndinkati ndikaona mtunda umenewo, pakhosi pankandiuma ngati ndili panjira ya ku Santhe tsiku la msika.

Zoipa zake ankazidziwa bwino ndi a Gondwe. Iwo ankaonera ataika manja pachifuwa ngati woweruza.

“Yayi,” ankatero. “Anthu afa khumi ndi awiri, maliro palibe. Adzukulu okumba manda ali kuti? Amayi olira ali kuti? Mudzi wanji umenewu?”

“Ndi filimu, madala,” wina ankayankha.

“Filimu n'chiyani? Taonani, walowa m'mudzi wa eni osapereka moni. Wadutsa munthu wamkulu pakhonde, chipewa chili kumutu. Ameneyu ngakhale anamulanda munda, kwawo sanamulere.”

Sankanama. Magazinso ankachuluka mopitirira. Munthu mmodzi akawomberedwa, ankatulutsa magazi ofiira ngati penti, okwana kupenta sukulu yonse ndi nyumba ya ahedi. Hatchi sinkadya. Mfuti sinkatha zipolopolo. Tauni yonse panalibe ndi mmodzi yemwe wogwira khasu, koma m'bala munkadzaza tsiku lililonse. Mkazi uja, amene nkhondo yonse inali ya iye, anayankhula mawu asanu okha filimu yonse, tinawerenga. Wa dzino lagolide ndiye ankalankhula ngati ali pamsonkhano wa chipani. Tsiku lina atayamba kufotokoza chifukwa chimene analandira mundawo, ndinatuluka, kukaanula zovala, kusita malaya awiri, kubwera n'kumupeza akadali pa mfundo yoyamba. Ndikulumbira.

Komabe Lamlungu lotsatira tonse tinkakhalanso pa makireti, a Gondwe patsogolo.

Kwa ine inali filimu chabe mpaka tsiku limene Lufeyo anafika kuchokera kumudzi. Tinamulandira, tinamupatsa tiyi, anatiuza amene amwalira ndi amene akwatiwa. Kenako anandiyang'ana n'kuseka.

“Koma achimwene muli ndi mwayi. Kuponi yanu ikutulukabe chaka ndi chaka.”

“Ikutuluka bwanji ine ndili kuno? Paja wosapezeka amamufufuta.”

“Inu mumapezeka.”

“Ndimapezeka?”

“Mumapezeka ndithu. Dzina likaitanidwa mumaimirira, mutavala jekete yanu ya bulauni ija. Kungoti mwafupika pang'ono.”

Anzanga anaseka mpaka wina anatsamwa. Ine sindinaseke. Ndinamukokera Lufeyo panja, ndipo anandiuza kuti munthuyo ndi Makwinja, tenanti wochokera ku Phalombe, wolima fodya pa esiteti ya kuseri kwa dambo lathu.

“Amangoyankha dzina basi?” ndinafunsa.

Lufeyo anayang'ana nsapato zake. “Zinazo sindinaone, achimwene. Ine ndimagona msanga.”

Mawu amenewo ndinawatembenuza mbali zonse kwa miyezi iwiri. Akanati palibe, ndikanagona. Akanati zilipo, ndikanadziwa chochita. Koma kugona msanga! Munthu amene wavala jekete yako ndi kuyankha dzina lako, chatsala n'chiyani? Ndipo kwa mkamwini nkhani yotere si ya mtima wokha. Mkazi akapeza wina, iwe ulibe pakhomo, ulibe munda, umabwerera kwa amayi ako ndi chikwama ngati mwana wothamangitsidwa kusukulu.

Ndinagula mayunitsi n'kumuimbira Nabanda. Ndinaganiza zoyamba patali, monga ankachitira Wachipewa.

“Amake Tadala, jekete yanga ili bwanji?”

“Ili bwino. Ikupereka moni.”

“Ili pati?”

“Mwaimba kuchokera ku Joni kudzafunsa jekete? Mwana wanu ali bwino, zikomo pofunsa.”

Nthawi yomweyo ndinamva kutsokomola chapatali.

“Akutsokomolayo ndani?”

“Mbuzi.”

“Mbuzi yathu yayamba liti kusuta chingambwe?”

Mayunitsi anathera pomwepo.

Kuyambira tsiku limenelo filimu ija inasintha. Wa dzino lagolide akamamwa tiyi m'nyumba ya mnzake, ndinkaona jekete ya bulauni. Zimene ndinkaziseka kale zinayamba kuoneka zanzeru. Kusapereka moni ndinati n'koyenera, munthu wolakwiridwa moni ndi wachiyani. Ndinayamba kuyenda pang'onopang'ono, mpaka kapitawo anandifunsa ngati ndatupa mwendo. Pakutha pa mwezi ndinapita m'tauni n'kugula chipewa chachikulu kwa Mpakisitani wina. Mfuti ayi, ndinalibe ndipo sindinaifune. Cholinga changa chinali chakuti ndikafike mwakachetechete, ndikamuyang'ane Makwinja m'diso kuti ndidziwe zoona, kenako tsiku la makuponi ndikaimirire pamaso pa anthu onse ndi kutenga dzina langa.

A Gondwe anandipeza ndikuyesa chipewacho pa galasi la thalakitala.

“Mwana wane, filimu imene ija waionera kangati?”

“Kosawerengeka, madala.”

“Akamaliza kupha, amalowa m'nyumba ija?”

Ndinaganiza. “Ayi. Amakwera hatchi n'kumapita.”

“Akupita kuti? Nyumba wamenyera zaka zonsezi ndi iyo, mkazi waima pakhonde, iye akuloza kuthengo. Nadi, wopanga filimu ameneyu sanakwatirepo.”

Ndinawayankha kuti mwina pali gawo lachiwiri. Anapukusa mutu n'kundipatsa kathumba ka shuga koti ndikamwere m'njira. Sindinawaonenso.

Ndinatsika pa Santhe masana, dzuwa likuswa mtengo, patatsala masabata awiri kuti makuponi agawidwe. Sindinauze munthu kuti ndikubwera. Ndinatsitsa chipewa mpaka m'maso, chikwama paphewa lotsika lija, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono pakati pa msewu. Fumbi linalipo, galu analipo, ngakhale kavuluvulu anadutsa pa nthawi yake. Ndinayenda mapazi asanu ndi awiri.

“Si amuna a Nabanda awa? Eee! Mwanenepa!”

Anali mayi wogulitsa tomato. Akabaza anandizungulira ndi njinga zawo, wina walanda chikwama, wina akufunsa ngati ku Joni kulidi masitepe oyenda okha, wina akufuna kuyesa chipewa. Ndinakana kukwera kuti ndifike mwaulemerero, koma mbiri inakwera njinga. Pofika pamudzi ndinapeza mphasa itayalidwa kale pansi pa mango, nkhuku itagwidwa, ana atasambitsidwa.

Apa m'pamene ndinaona kuti filimu ija siingajambulidwe ku Kasungu. Wachipewa analibe apongozi. Anga anatuluka n'kukhala chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, ndipo ine, ndi mkwiyo wonse umene ndinaunyamula kudutsa malire atatu, ndinavula chipewa, kunjuta, n'kuwomba m'manja. Kenako anabwera amalume a mkazi wanga. Kenako azakhali. Kenako mudzi wonse, mmodzimmodzi, aliyense ndi moni wake, aliyense kufunsa za kumene ndachokera, ine kuyankha kuti kuli bwino kaya kuno. Atatha moni anati tsopano malonje, ndifotokoze ulendo wonse kuyambira tsiku limene ndinachoka. Munthu sungayambe mlandu usanapereke malonje. Ndinafotokoza za Tete, za malalanje, za ntchentche ya a Gondwe. Anthu anaseka, ine ndinasekanso, ndipo pofika madzulo mkwiyo wanga unali utachepa ngati sopo wosiyidwa m'madzi.

Wotsalawo ndinausungira Nabanda. Alendo atabalalika, iye ananyamula chikwama kuti alowetse m'nyumba. Ndinavalanso chipewa.

“Chisiyeni pomwepo. Sindilowa m'nyumba muno mpaka nditadziwa amene wakhala akulowamo.”

Mawu amenewa ndinawakonza kuyambira pa Tete. Ndinkayembekeza kulira, kapena kugwada, kapena mawu asanu ngati a mkazi wa mufilimu. Nabanda anandiyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato, analowa m'nyumba, anatuluka ndi bulangeti ndi mkeka, n'kukaziyala m'chigafa, shedi yoyanikamo fodya ija, imene nyengo imeneyo inali yopanda kanthu.

“Mukafuna madzi osamba munene,” anatero.

M'mawa mwake anabwera ndi tiyi, anakhala pa mtondo wogwa, n'kuyankhula mawu oposa a filimu yonse.

“Munachoka osaganiza za kuponi. Chaka choyamba ndinapita ndi chitupa chanu, a komiti ya m'mudzi anandinong'oneza kuti mwini dzina akapanda kuimirira, alangizi afufuta. Ndalama zanu zinkafika mwezi uno, mwezi winawo osafika. Ndikanatani? Matenanti salembedwa m'buku chifukwa si a mudzi uno. Ndiye ndinapangana ndi a Makwinja. Iwo amaimirira, ine ndimawapatsa ndowa imodzi ya feteleza.”

“Nanga jekete?”

“Pachitupa paja mwavala jekete imeneyo. Nkhope siioneka, ndi mdima wokhawokha. Chooneka ndi jekete.”

Zimenezo ndi zoona. Chithunzi chimenecho chikhoza kukhala cha aliyense, ngakhale cha ng'ombe.

“Mudzi ukudziwa?”

“Mudzi wonse. Mukuyesa ndinu nokha muli ku Joni? Lufeyo mnzanuyo chaka chino ayankha, ndipo akhala wamtali kuposa kale.”

“Chabwino. Koma chaka chino ndabwera. Ndiyankha ndekha.”

Nabanda anaika kapu pansi. “Alangizi ndi omwe aja zaka zitatu. A Makwinja amawadziwa nkhope, amawapatsa moni ndi dzina lanu, chaka chatha anawafunsa za chifuwa chawo. Mukaimirira inu, afunsa kuti nanga uja anali ndani. Afufuta dzina, atsegula buku lonse, mabanja onse a amuna a ku Joni agwa nafe limodzi. Chimanga chimene Tadala wadya zaka zitatu ndi cha feteleza ameneyo. Mukachita zimenezo, bambo ake Tadala, mudzatenge chipewa chanucho mubwerere kwa amayi anu. Ndanena pamaso.”

“Ndiye kuti palibe china pakati pa inu ndi munthuyo?”

“Funso limenelo mukanafunsa musanakane kulowa m'nyumba mwanga pamaso pa mwana.”

Anatenga makapu n'kumapita. Mwaona? Sanati inde, sanati ayi. Anthu a kwathu onse amagona msanga.

Nditagona m'chigafa masiku atatu, nthata za nkhuku zitandilemba mayina thupi lonse, ndinamuuza kuti ndaganiza zomukhululukira ndi kulowa m'nyumba. Anati ayi, ndidikire tsiku la makuponi, aone kaye ngati ndabwera kudzakhala kapena kudzaphwasula.

Makwinja anabwera yekha, Loweruka m'mawa. Ndinali nditamukonzera maonekedwe: wamtali pang'ono kuposa mmene ananenera Lufeyo, wamafuta m'tsitsi, mwina ndi dzino lagolide. Amene anafika anali kamunthu kowonda, kometa mpala, mapazi ong'aluka, manja akuda ndi utomoni wa fodya umene suchoka ngakhale fodya atatha. Ananyamula lichero la nandolo wouma. Anagwada patali n'kuwomba m'manja.

“Bwana, tamva kuti mwafika. Tabwera kudzathokoza chifukwa cha dzina.”

Apa ndiye filimu inandinamiza kwenikweni. Ndinamuyang'ana m'diso monga ndinakonzera. Ndinayang'ana nthawi yaitali, mpaka nkhuku inadutsa pakati pathu kawiri. M'disomo munalibe chilichonse. Linali diso lofiira la munthu wosankha fodya m'fumbi, basi. Anatsokomola, ndipo ndinayesa kukumbukira ngati kutsokomola kwake kukufanana ndi kwa pafoni kuja. Mbuzi nayo inatsokomola kukhola. Ndikunena pamaso pa Mulungu, zinali zofanana.

Anandiuza kuti ali ndi ana asanu, kuti ndowa ya feteleza imeneyo amathira kamunda ka chimanga kuseri kwa nyumba ya pa esiteti, ndi kuti tsiku la makuponi lililonse amaimirira ndi mantha. Ndinayamba kumumvera chisoni. Kenako Nabanda anafuula ali kumoto kuti nandoloyo alowetse m'nyumba nkhuku zingamwaze. Makwinja ananyamula lichero, anafika pachitseko, n'kuchinyamula pang'ono ndi bondo asanakankhe.

Chitseko chimenecho ndinakhoma ndekha. Chimakhula pansi. Mlendo aliyense amalimbana nacho mpaka mwini nyumba amuuze kuti nyamulani pang'ono.

“Achimwene,” ndinatero atatuluka, “chitsekochi mwachidziwa bwanji?”

“Zitseko za kuno zonse n'zotero, bwana. Ndi chiswe.”

Sabata imeneyo ndinayendera mudzi wonse ngati wopereka moni, koma ndikuyesa zitseko. Ndinayesa khumi ndi chimodzi. Zinayi zinkafuna kunyamula, zisanu ndi ziwiri ayi. Umboni wotere ngakhale khoti silingadziwe poupachika. Mufilimu wolakwa amaulula yekha, mwatsatanetsatane, iwe ukusita malaya. Kwathu kuno amakubweretsera nandolo.

Tsiku la makuponi linafika ndisanadziwe chochita. Tinasonkhana pabwalo la sukulu, amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, tebulo la alangizi pansi pa mtengo, njinga yawo yamoto itatsamira pambali. Alangiziwo anali mayi wa magalasi, wosaseka, wowerenga dzina lililonse ngati ali nalo chifukwa. Ine ndinavala chipewa n'kukhala kumapeto kwa abambo. Makwinja anakhala kutsogolo ndi matenanti anzake angapo, onse m'majekete osawakwana. Jekete yanga inamufika m'mawondo.

Nditayang'ana kwa amayi ndinamuona Nabanda. Anzake anakhala pa zitenje. Iye anakhala pa chikwama changa cha ku Joni, chomanga kale, bulangeti litakulungidwa pamwamba. Anachinyamula kuchokera kuchigafa ine osaona. Msewu wa kwa amayi anga umayambira kuseri kwa sukulu yomweyo.

Mayina anayamba. Lufeyo anaitanidwa, ndipo anaimirira, wamtali ngati mlongoti, n'kudinda chala. Palibe anaseka. Dzuwa linakwera mpaka mthunzi wa mtengo unathawa tebulo. Kenako ndinalimva. Dzina langa, lonse, limene anandipatsa bambo anga, likutchulidwa ndi munthu wa boma pamaso pa anthu.

Sindinaganize. Miyendo inaimirira yokha. Munthu ukamva dzina lako umaimirira, ngakhale utalumbira zotani.

Kutsogolo Makwinja anali ataimirira theka. Anatembenuka, anandiona, n'kuuma pomwepo, mawondo opindika, chitupa chili m'dzanja. Bwalo lonse linati zii. Mwana amene ankalira anasiya. Sindikuwonjezera, ngakhale mbuzi za pasukulupo zinasiya kutafuna. Panalibe likhweru, koma ndinalimva m'mutu, ndipo ndinene zoona, kanthawi kameneko kanali kokoma. Zaka zitatu ndikuthyola malalanje a mzungu popanda wondiwerengera, lero mudzi wonse ukupuma ndi mpweya wanga.

Alangizi anatsitsa magalasi.

“Nanga awiri bwanji? Ndaitana munthu mmodzi.” Analoza ine ndi cholembera. “Bambo a chipewa, inu ndinu ndani?”

Mawu ndinali nawo, okonzeka, aafupi ngati a Wachipewa. Ndinayang'ana kwa amayi. Akazi a amuna a ku Joni onse anali atayang'ana pansi, mkazi wa Lufeyo atagwira pakamwa. Nabanda yekha ndiye ankandiyang'ana. Sanandipemphe ndi maso, sanapukuse mutu. Anangosuntha pang'ono pachikwama paja, n'kutulutsa lamba wonyamulira chikwamacho kuti aoneke bwino.

“Ndafunsa,” anatero alangizi. “Ndinu ndani?”

“Ndine mlamu wawo,” ndinatero. “Ndangoimirira kuti ndiwagwirize. Akudwala chifuwa.”

Makwinja anatsokomola nthawi yomweyo, kutsokomola kwa zoona, kwa mantha, mpaka misozi. Ndinapita kutsogolo, ndinamugwira pamkono wa jekete yanga, n'kumuperekeza kutebulo. Alangizi anayang'ana chitupa, anayang'ana jekete, n'kumuuza kuti ali ndi mlamu wachikondi, koma apite kuchipatala. Ndinaimirira pambali n'kuonerera chala cha munthu wa ku Phalombe chikudinda pa mzere wanga.

“Alamu, khalani pansi tsopano,” anatero alangizi. “Mukutchinga anthu ndi chipewacho.”

Pobwerera chikwama ndinanyamula ndekha. Nabanda anali patsogolo, makuponi atawamanga pa mfundo ya chitenje, osatembenuka. Ndinkafuna kumufunsanso za chitseko, koma ndinaona kuti tsiku limenelo si lake, ndipo kunena zoona tsiku lake silinafikebe. Anthu amene tinkakumana nawo m'njira ankandipatsa moni mwaulemu kwambiri, ulemu wokayikitsa, ena akuluma milomo.

Titafika pakhomo ndinakhotera kuchigafa. Ndinayenda mapazi awiri.

“Alamu,” anatero Nabanda, “chikwamacho lowetsani m'nyumba. Chipewa musiye pakhonde, nkhuku yakuda ija ikusowa poikira.”